Mpopi ukauma, paipi imamwa chiyani?

Aliyense amene anaperekezapo maliro kumanda a m'mataunishipi a Lilongwe m'mwezi wa Febuluwale akudziwa zimene adzukulu amakumana nazo. Manda amene mu Okutobala amakumbidwa mpaka pansi dothi likutuluka fumbi, m'dzinja safika ndi m'chiuno momwe madzi asanayambe kutumphuka m'mbali. Ife taimapo kangapo pa manda otere, tikudikira anyamata kuti akape madzi ndi ndowa bokosi lisanatsike, ndipo iwo akangopuma pang'ono madziwo amabwereranso pamene anali. Madzi amenewo si a mvula ya tsiku limenelo. Ndi madzi a pansi pa nthaka, amene amakwera mwakachetechete mvula ikagwa masabata angapo, ndipo m'mbali zina za Kawale, Biwi, Chinsapo ndi Mgona amafika pafupi kwambiri ndi mapazi athu.

Tayambira kumanda chifukwa adzukulu amaona ndi maso chinthu chimene ambirife timangopondapo osachidziwa. M'dothi lonyowa lomwelo ndi mmene tinakumba zimbudzi zathu, ndi mmene tinakumba zitsime, ndiponso ndi mmene mumadutsa mapaipi a madzi akumwa. Tikayang'ana pamwamba, zinthu zitatuzi zimaoneka zotalikirana: chimbudzi kuseri kwa nyumba, chitsime kwa aneba, paipi m'mbali mwa msewu. Koma madzi a pansi akakwera, zonse zimakhala m'dziwe limodzi. Nkhani ya madzi mumzinda uno timakonda kuikamba ngati nkhani yobweretsa madzi ochuluka basi. Ife tikuona kuti ili ndi theka lina limene silikambidwa mokwanira, ndilo la kuchotsa madzi, nkhani ya ngalande.

Madzi amene amatuluka m'mipopi ndi m'makiyosiki a mumzinda muno amachokera ku nkhalango ya Dzalanyama, kumalire a dziko lino ndi Mozambique. Mtsinje wa Lilongwe umawatsitsira ku Malingunde, kumene amasungidwa m'madamu awiri, Kamuzu Dam I la mu 1966 ndi Kamuzu Dam II la mu 1989. Akatulutsidwa m'madamumo amayenda ndi mtsinje womwewo mpaka pamalo oyeretsera madzi a bungwe la Lilongwe Water Board, cha ku msewu wa ku Likuni, kumene amasefedwa ndi kuthiridwa klorini. Pochoka pamenepo amakhala madzi abwino, ndipo sitikuona chifukwa chokayikira ntchito ya akatswiri amene amawayeza. Koma kuchokera pamenepo kukafika mu ndowa ya mayi wa ku Area 23 kapena ku Area 25 pali makilomita ambiri a mapaipi okwiriridwa, aakulu ndi aang'ono, atsopano ndi okalamba, ndipo ena mwa iwo amagona m'thope miyezi ingapo chaka chilichonse.

Bungwe la madzili linakhazikitsidwa mu 1947, Lilongwe akadali kaboma kakang'ono m'mbali mwa mtsinje. Likulu la dziko linasamukira kuno kuchoka ku Zomba mu 1975, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 989,318 mumzinda muno. Lero tapitirira miliyoni. Pafupifupi anthu 3 mwa anthu 4 alionse amakhala m'madera amene anamangidwa popanda mapulani, kumene nyumba zinafika misewu ndi ngalande zisanaganiziridwe. Pamene Banki Yaikulu pa Dziko Lonse inkavomereza ndalama za ntchito ya madzi ndi ukhondo mu Lilongwe mu 2017, zikalata zake zinkasonyeza kuti anthu pafupifupi 5 okha mwa 100 alionse ndi amene nyumba zawo zinali zolumikizidwa ku suweji. Otsalawo ambiri ndi a zimbudzi zokumba, ena ndi a mathanki a pansi. Kunena mosapsatira, zonyansa za mzinda wa anthu miliyoni zimasungidwa m'nthaka ya mzinda womwewo.

Tsono paipi ili ndi khalidwe limene aliyense womwa madzi ake ayenera kulidziwa. Ikakhala yodzaza, madzi a m'kati amakankha ndi mphamvu, motero ngakhale pakhale kabowo kapena polumikizira pofooka, madzi amangotuluka, kanthu ka kunja sikangalowe. Kumeneko ndi kutaya chuma, ndipo si chuma chochepa, pakuti kwa zaka zambiri madzi oposa gawo limodzi mwa magawo atatu a madzi onse amene bungweli limayeretsa akhala akusowa osalipiridwa, ena chifukwa cha kudontha, ena chifukwa cha kuba ndi mamita olakwika. Komabe kudontha pakokha sikudwalitsa munthu. Vuto limayamba madzi akasiya. Magetsi akazima ku mapampu, paipi yaikulu ikaphulika, kapena madzi akamagawidwa mosinthanasinthana pakati pa madera, madzi otsala m'paipi amatsetserekera kumunsi ndi kusiya mpata m'mbuyo mwawo. Pamenepo paipi imayamba kukoka, monga jakisoni amakokera mankhwala m'botolo. Kabowo kamene dzulo kamalavula, lero kakumeza. Mu Okutobala kadzameza mpweya ndi fumbi. Mu Febuluwale kadzameza chilichonse chimene chazungulira paipiyo, ndipo ngati pali chimbudzi chodzaza pa mtunda wa mamita 5, sitifunika kutchula chimene chazungulira.

Klorini amene amatsala m'madzi ochoka koyeretsera ndi wochepa, woyezedwa kuti athane ndi tizirombo tochepa ta m'njira. Sangagonjetse thope la kuchimbudzi litalowa lambiri nthawi imodzi. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene madzi oyamba kutuluka mpopi ukadzuka amabwerera ofiirira, ndipo mwatsoka amenewo ndi amene amapezeka mu ndowa za amayi amene anagona pamzere kuyambira usiku.

Zimene tikufotokozazi zinachitikapo poyera. M'mwezi wa Julayi 2017 anthu a ku Area 18 anatsegula mipopi yawo ndi kupeza madzi onunkha, osakanikirana ndi zonyansa. Zosefukira pa suweji yowonongeka zinali zitapeza njira yolowera m'paipi ya madzi akumwa imene nayonso inali yobooka. Bungwe la Malawi Human Rights Commission linafufuza nkhaniyi, ndipo eni nyumba anakasuma kukhoti, kutchula bungwe la madzi, khonsolo ya mzinda ndi Malawi Housing Corporation. Dziko lonse linanyansidwa, ndipo linayenera kutero. Koma tisaiwale kuti izi zinachitika m'nyengo yopanda mvula, m'dera lomangidwa ndi mapulani, lokhala ndi suweji, kumene kumakhala anthu odziwa khomo la loya ndi la mtolankhani. Ku Mgona kapena ku Chinsapo zofananazo zingachitike pang'onopang'ono dzinja lonse, popanda fungo lamphamvu lodzutsa mudzi, ndipo mwana akatsegula m'mimba makolo adzanena kuti wadya mango osapsa kapena chimanga chachiwisi.

N'chifukwa chiyani madzi a pansi amakwera chotere m'madera athu? Lilongwe anamangidwa pa chigwa chachikulu cha kumtunda, malo osatsetsereka kwenikweni, odulidwadulidwa ndi madambo ndi timitsinje timene timathira mu Lilongwe ndi mu Lingadzi. Mvula ya pachaka, mamilimita pakati pa 800 ndi 900, pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Dambo ndi nkhokwe ya madzi amenewa. Limawalandira kuchokera kumitunda, makande ake amawagwira, kenako limawatulutsa pang'onopang'ono mpaka m'chilimwe. Makolo athu ankalidziwa dambo. Ankalimamo dimba, kudyetsamo ng'ombe, kumwetamo udzu, koma nyumba ankamanga pa katondo. Amene anajambula mapulani a likulu latsopano nawonso anasiya zigwa za mitsinje zopanda nyumba.

Lero madambo ambiri a mumzinda agawidwa mapuloti. Sitikuloza chala mayi wamasiye amene anagula kudambo, pakuti ndi pomwe ndalama zake zinafika, ndipo anagula mu Seputembala nthaka ili gwa. Chala chathu chikuloza amene anamugulitsa akudziwa bwino lomwe kuti mu Januwale pamalopo pamalira achule, kaya ndi mfumu, kaya ndi mkulu wa m'dera, kaya ndi wogwira ntchito m'maofesi oona za malo amene anatseka maso. Powonjezera apo, oumba njerwa asiya maenje osawerengeka amene amasunga madzi mpaka mwezi wa Juni, ndipo okumba mchenga agumula magombe a mitsinje. Kumtunda nako kwasintha. Denga lililonse la malata, bwalo lililonse la simenti, msewu uliwonse watsopano wa tala, zonsezi ndi chitukuko chimene timachiyamikira, koma chilichonse chimalanda nthaka mpata womwera madzi ndi kuwathamangitsira kumunsi. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Khwawalo likapezeka kuti munamangidwa nyumba, madzi amalowa m'nyumbamo.

Tinaziona mu Febuluwale 2017 pamene mtsinje wa Lingadzi unasefukira ku Mtandire, mpaka helikopita ya asilikali inachita kubwera kudzapulumutsa ana amene madzi anawazinga. Tinazionanso pa 16 Disembala chaka chomwecho, madzi atasesa ku Kawale, Biwi, Mchesi, Kaliyeka ndi Chipasula, ndi kupha anthu 6. Ngozi zotere zikachitika timawerenga nyumba zogwa ndi mabanja osowa pokhala, ndipo akufuna kwabwino amabwera ndi ufa, mabulangete ndi mapepala ofolerera. Palibe amene amawerenga zimbudzi zimene zasefukira kapena kugumukira m'kati, zitsime zimene zalandira madzi a m'bwalo, ndi mapaipi amene dothi lake lakokoloka n'kutsala pamtetete. Makamera akachoka, zimenezi ndi zimene zimatsala ndi anthu. Ngakhalenso nyumba zambiri za zidina sizigwa pa tsiku la chigumula. Zimagwa patapita masabata, chinyontho chitakwera m'maziko ndi kufewetsa khoma kuyambira pansi.

Kenako kunabwera kolera. Mliri umene unayambira ku Machinga mu Malichi 2022 unakhala woopsa kuposa wina uliwonse wa kolera m'mbiri ya dziko lino. Pofika pakati pa 2023 anthu oposa 58,000 anali atadwala ndipo oposa 1,700 anali atamwalira. Boma linalengeza kuti mliriwu ndi ngozi ya zaumoyo pa 5 Disembala 2022, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa. Ngakhale matendawa anayambira kumwera ndi kufalikira m'mbali mwa nyanja, boma la Lilongwe ndi limene linamaliza ndi odwala ndi omwalira ambiri kuposa maboma onse, ndipo chiwerengero chinakwera kwambiri mvula itakhazikika. Sizinali zongochitika kuti pa 13 Febuluwale 2023 a Lazarus Chakwera, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anakakhazikitsira kampeni ya Tithetse Kolera ku Mgona. Ambiri mwa awerengi athu, makamaka akatekisi ndi atsogoleri a miphakati, akukumbukira maliro a masiku amenewo, oikidwa mofulumira, opanda nsima ya pasiwa, abale akuonera patali.

Uthenga wa nthawi imeneyo unali woti tisambe m'manja, tithire klorini m'madzi, tigwiritse ntchito chimbudzi. Unali uthenga woona, ndipo unapulumutsa miyoyo. Koma banja lambiri limene linalira maliro linali ndi chimbudzi, ndipo linkachigwiritsa ntchito. Chimbudzi chomwecho, chitamira m'madzi a pansi, ndi chimene chinkadyetsa chitsime. Mu 1854 dokotala wina wa ku London, John Snow, analondola imfa za kolera za anthu oposa 600 mpaka pa mjigo umodzi wa mu Broad Street, ndipo pambuyo pake kunapezeka kuti chitsime cha mjigowo chinakumbidwa pa mtunda wosakwana mita imodzi kuchokera pa dzenje la zonyansa. Papita zaka zoposa 170, koma muyeso umenewo ungapezeke lero kuseri kwa nyumba zambiri za lendi m'mataunishipi athu.

Mainjiniya omanga ngalande zikuluzikulu zotengera madzi ku mizinda amalidziwa bwino vuto limeneli, ndipo pali chimene tingaphunzire kwa iwo. Dziko la China linatsegula mu Disembala 2014 ngalande ya makilomita oposa 1,200 yotenga madzi ku damu la Danjiangkou kupita ku Beijing. Munthu angaganize kuti nkhawa ya omanga ngalande yotere ndi yoti madzi a m'kati angathawe. Koma m'zigawo zimene madzi a pansi ali pafupi, nkhawa yaikulu ndi madzi a kunja. Madzi a m'nthaka akakwera kuposa a m'ngalande, makamaka mvula ikagwa yambiri kapena ngalande ikaphwetsedwa kuti ikonzedwe, amakankha konkire kuchokera pansi mpaka kuitukula ndi kuiswa. Choncho pansi pa konkire amayala miyala ndi mapaipi okhetsera madzi, amaika timavalavu totsegukira mbali imodzi yokha, amakumba zitsime zoyezera mmene madzi a pansi akukwerera, ndipo pena amaika mapampu. Ndalama zochotsera madzi osafunika zimawerengedwa pamodzi ndi ndalama zobweretsera madzi ofunika, m'bajeti imodzi, kuyambira tsiku loyamba. Kwathu kuno tinalawako phunziro lofanana mu Januwale 2022, pamene madzi a namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, pamene payambira ngalande yaikulu ya ulimi wothirira ya m'chigwa cha Shire. Paipi ya mumsewu wa ku Biwi ndi yaing'ono poyerekeza ndi zimenezi, koma lamulo lake ndi lomwelo: chotengera madzi chikakhala chopanda kanthu m'nthaka yodzaza madzi, cha kunja ndi chimene chimapambana.

Tikayang'ana kumene ndalama za madzi zapita mu Lilongwe m'zaka zapitazi, tiona kuti zambiri zapita kobweretsa. Khoma la Kamuzu Dam I linakwezedwa mamita 7 ndi ngongole ya European Investment Bank. Ntchito yotenga madzi ku nyanja ya Malawi ku Salima, ulendo wa makilomita pafupifupi 120 wokwera mtunda wa mamita oposa 500, inaperekedwa kwa kampani ya Khato Civils ndipo inachedwa zaka zambiri kaamba ka milandu ya kukhoti ndi kusowa kwa ndalama. Madola 100 miliyoni a Banki Yaikulu a mu 2017 anapita kokonza mapaipi, kowonjezera suweji, kokonza malo oyeretsera zonyansa a ku Kauma ndi komanga zimbudzi. Ife sitikutsutsa ndi imodzi yomwe mwa ntchitozi. Ndipotu madzi okwanira ndiwo chitetezo choyamba, pakuti paipi imene imakhala yodzaza usana ndi usiku simeza kanthu. Aliyense wodana ndi kolera ayenera kufuna kuti mipopi isamaume.

Komabe walira mvula walira matope. Akatswiri amawerengera kuti pa malita 100 alionse olowa m'nyumba, pafupifupi 80 amatulukanso ngati madzi oipa: osambira, ochapira, otsukira mbale, a kuchimbudzi. M'dera lopanda suweji ndi ngalande, madzi amenewo amathera pabwalo, mumsewu ndi m'nthaka. Tsiku limene madzi a ku Salima adzafike okwanira m'mataunishipi, mabanja adzasamba ndi kuchapa momasuka, eni nyumba za lendi adzaika zimbudzi zogejemula ndi kukumba mathanki ambiri, ndipo nthaka imene kale inkauma m'chilimwe idzakhala yonyowa chaka chonse. Funso lakuti madzi onsewo adzatulukira kuti sitinalimve likufunsidwa mokweza m'misonkhano ya ndale, mwina chifukwa ngalande siikoma pa chithunzi ngati mpopi umene nduna ikutsegula.

Anzathu a ku Lusaka anayenda kale njira imeneyi. Mzinda wawo unakhala pa miyala ya laimu yong'ambikang'ambika, ndipo m'makomboni monga Kanyama madzi a pansi ali pafupi kwambiri. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la madola pafupifupi 355 miliyoni lochokera ku America, anagwira ntchito imene inaika madzi, ukhondo ndi ngalande m'thumba limodzi, ndipo anamanga ngalande yaikulu ya konkire yotchedwa Bombay. Madera amene ngalandeyo inadutsa anapuma. Koma Kanyama sanasiye kumira, ndipo kolera anabweranso mu 2017 ndi mu 2023, mpaka bwalo la masewero la National Heroes linasandutsidwa chipatala. Phunziro lake lili pawiri. Kuika ngalande pamodzi ndi mapaipi ndi nzeru yoona. Koma ngalande yaikulu imodzi siithandiza khomo limene kulibe kangalande kofikitsa madzi kumeneko, ndipo ngalande iliyonse imafa ngati zinyalala za mzinda zilibe kwina kopita.

Apa ndi pamene pagona vuto lathu lenileni: ngalande ilibe mwini mmodzi. Paipi ndi ya bungwe la madzi, ndipo bungwelo lili ndi mabilu otolera ndalama mwezi ndi mwezi. Misewu ikuluikulu ndi ngalande zake ndi za Roads Authority. Ngalande za m'madera ndi zinyalala ndi za khonsolo ya mzinda, imene imadalira msonkho wa nyumba umene ambiri salipira. Madzi a pansi pa nthaka ndi mitsinje, malinga ndi lamulo la za madzi la mu 2013, amayang'aniridwa ndi National Water Resources Authority. Malo amagawidwa ndi unduna, khonsolo, Malawi Housing Corporation, ndiponso mafumu. Odwala amapita ku unduna wa zaumoyo. Aliyense mwa awa angathe kuonetsa kuti mbali yake anaigwira, kapena kuti analibe ndalama. Dontho la madzi lochoka pa denga la ku Area 23 limadutsa m'manja mwa onsewa lisanafike mumtsinje. Mapulani si osowa ayi: mu 2010 akatswiri a bungwe la JICA la ku Japan anathandiza kulemba pulani ya kakulidwe ka mzinda uno mpaka 2030. Chosowa ndi ofesi imodzi imene anthu a ku Kawale angaifunse, ndi mzere wa m'bajeti umene angauwerenge.

Tingalakwe titaunjika zonse pa boma. Ngalande zochepa zimene tili nazo tazisandutsa dzala. Majumbo apulasitiki opyapyala analetsedwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana ndi chiletsocho mu 2019, koma pitani mukasuzumire m'makalavati a pafupi ndi msika uliwonse. Matewera otaya, mabotolo, zotsalira za makala, zonse timadikira mvula yoyamba kuti itinyamulire, kuiwala kuti kumunsi kuli anthu. Wina amamanga mpanda wa njerwa modula njira ya madzi kuti apite kwa mnzake, mnzakeyo nayenso amatero, mpaka madzi onse akathere pakhomo la wosauka amene alibe njerwa. Pali ena amene amaboola chimbudzi chodzaza usiku mvula ikugwa, kuti apewe kulipira opopa. Palinso amene amalumikiza madzi mwakuba ndi tipaipi totchipa, n'kutidutsitsa m'ngalande mwenimweni chifukwa ndi mmene mulibe chokumba. Tsiku lina tinawerenga tipaipi totere 7 m'ngalande imodzi ya madzi akuda, tina tomangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anthu ochita izi si achilendo. Lamulungu timakhala nawo pa benchi limodzi.

Malangizo odziwika a zaukhondo amati chimbudzi chokumba chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo pansi pa dzenje pakhale mita imodzi ndi theka pamwamba pa madzi a m'nthaka. Tiyeni tikhale oona mtima: pa puloti ya ku Mgona yokhala ndi zitseko 8 za alendi, mamita 30 kulibe, ndipo mu Febuluwale mita ndi thekayo kulibenso. Tanthauzo lake ndi lakuti m'madera othithikana otere chitsime chosaya sichingakhale cha madzi akumwa, ngakhale madzi ake ataoneka oyera ngati galasi. Koma kuuza mayi kuti asiye chitsime pamene kiyosiki yauma masiku atatu, kapena pamene mtengo wa ndowa wamukulira, ndi kumunyoza. N'chifukwa chake mabungwe a ogwiritsa ntchito madzi amene akhala akuyendetsa makiyosiki kuyambira mu 2006 ayenera kuonedwa ngati mbali ya chitetezo cha umoyo, ndipo mabuku awo a ndalama ayenera kuwerengedwa poyera. Tanthauzo lachiwiri ndi lakuti kudambo chimbudzi chiyenera kukwera m'malo motsika: dzenje losaya lomangidwa ndi njerwa ndi simenti, lotukulidwa pamwamba pa nthaka, lotheka kupopa, kapena zimbudzi za manyowa zomangidwa pamtunda zimene mabungwe monga CCODE akhala akuphunzitsa. Ndi zodula kuposa dzenje wamba, ndipo mlendi sangazimange. Udindo umenewo ndi wa mwini nyumba amene amalandira lendi mwezi uliwonse.

Pa mfundo imeneyi tiyambe tadziyang'ana tokha. Matchalitchi, nthambi zake ndi sukulu zathu zimasonkhanitsa anthu mazanamazana, ndipo zina zili ndi zimbudzi zokumba ndi mjigo pa bwalo limodzi. Makomiti amene amadziwa mtengo wa belu latsopano ndi wa penti ayenera kudziwanso kuti pakati pa chimbudzi cha ana a sukulu ndi mjigo pali mamita angati, ndi kuti madzi a pa denga la tchalitchi, limene nthawi zambiri ndi denga lalikulu koposa m'dera lonse, amathera pakhomo la yani.

Zina ndi zazing'ono ndipo zili m'manja mwa banja lililonse. Madzi akabwera pambuyo pa kusiya, oyambawo akhale okolopera ndi othirira, ndipo akumwa a tsiku limenelo awiritsidwe kapena athiridwe klorini amene alangizi a zaumoyo amagawa, ngakhale achokere pa mpopi. Paipi yodontha kapena yoonekera m'ngalande inenedwe ku bungwe la madzi tsiku lomwelo, pakuti imene ikutayira madzi mumsewu lero ndi yomweyo idzamwe za mumsewu mawa. Ngalande zimafukulidwa mu Seputembala ndi Okutobala, kuyambira kumunsi kukwera kumtunda, ndipo zofukulidwazo zichotsedwe, osati kuziunjika m'mphepete kuti mvula yoyamba izibwezeremo monga timaonera chaka ndi chaka.

Chinthu china chimene miphakati ingachite sichifuna ndalama. M'dera lililonse muli anthu odziwa kumene madzi a pansi amafika: okumba zitsime, okumba zimbudzi, amisiri a maziko, ndi adzukulu aja. Iwowa angathe kunena kuti kuseri kwa msika madzi amapezeka pa mita imodzi mu Febuluwale, kuti cha kusukulu amapezeka pa mamita 3, kuti kalavati wa pa mphambano anatsekeka chaka chakuti, kuti paipi yaikulu imadutsa m'chithaphwi pamalo akuti. Zimenezi zitalembedwa m'kope limodzi, msewu ndi msewu, khansala wa dera ndi komiti ya chitukuko sangayankhenso kuti akudikira kafukufuku, ndipo bungwe la madzi lingadziwe mapaipi oyenera kuyamba kusinthidwa. Kopelo liyenera kulembedwa m'dzinja madzi ali pamwamba, ndi kufika pa tebulo la khansala khonsolo isanamalize kukonza bajeti yake ya chaka chotsatira.